Mmene Bambo Bakha Anazimitsira Dzina Lawo

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, ntchito yawo ndi yowolotsa ana pamsewu wa pasukulu. Amavala jekete yachikasu yonyezimira, wenzulo m'khosi, chikwangwani chofiira m'manja, ndipo akachikweza ngakhale lole yodzaza simenti imaima. Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde loyang'anana ndi geti la sukuluyo, moti tsiku lonse ndimakhalira kusoka mayunifolomu ong'ambika m'khwapa, diso lina lili pamizere yoyera. Choncho zimene ndikuuzenizi si zongomva ayi, ndinaziona ndekha ulusi uli kukamwa.

Koma musawaone ngati kamdala ka chikwangwani chabe. Munthu uja ndi wovina. Sindikunena zovina za paukwati munthu atalawako pang'ono ayi, ndikunena kuvina kwenikweni, koti iwe woonera umaiwala kumeza malovu. Ali mnyamata anavina kumbuyo kwa oimba ambirimbiri, m'maholo ndi m'mabwalo a mpira. Pamapepala oitanira anthu pankalembedwa dzina la woimba m'zilembo zikuluzikulu, m'munsi n'kuwonjezera timawu takuti "ndi anyamata ovina". Dzina lawo linkathera pomwepo. Magulu aja anatha, oimba ena anamwalira, ena anayamba ubusa, alamu n'kupeza ntchito ya pamsewuyi. Koma popeza timakhala mpanda umodzi, ine ndikudziwa kuti m'mawa uliwonse ankasesa pabwalo, n'kuvula nsapato, n'kuvina okhaokha popanda nyimbo, akuwerengera m'kamwa. Oonerera awo tinali ine ndi nkhuku za achemwali, ineyo mswachi uli m'kamwa.

Bondo lakumanzere ndi limene linayamba kuwaukira. Adokotala anawauza mosabisa kuti masiku odumpha atsala ochepa.

"Mlamu," anandiuza tsiku lina akusisita bondolo, "ndisanaume, ndikufuna ndivine kamodzi kokha magetsi akuwalira ine. Osati msana wa woimba ayi, ineyo."

"Babu la kubafa silikukukwanirani, alamu? Ndikakuyatsireni."

"Iwe ukanakhala mkazi wanga ndikanakubweza kwanu tsiku lomwelo."

"Kwathu ndi konkuno, obwera ndinu."

Tinaseka, koma ndinkadziwa kuti za magetsizo sankanena zocheza.

Ndiye kunacha m'mawa wina wa mvula yowaza. Kamtsikana ka kalasi yoyamba kanafika m'mbali mwa msewu n'kuuma gwa. Kutsogolo kwa mizere kunali kutaima chilole chikubangula, kamwanako n'kuyamba kulira, kukana kusuntha phazi. Anzake onse awoloka, madalaivala ayamba kuimba mahutala. Alamu anakayang'ana, kenako anapinda mawondo, kutulutsa mbuyo, dzanja limodzi likukupiza ngati phiko, linalo litakweza chikwangwani, n'kuyamba kuyenda ngati bakha, pakamwa akuti kwaa, kwaa, kwaa. Kamwanako kanasiya kulira, kanaseka, n'kuwatsatira pambuyo nakonso kakupendama uku ndi uku. Zinathera pomwepo. Ine ndinangopukusa mutu n'kupitiriza kusokerera zipi. Sindinadziwe kuti m'galimoto ina munali munthu atakweza foni.

Abale inu, mafoni awa! Sabata isanathe, kavidiyo kaja kanali m'thumba la aliyense. Wina anakaikira nyimbo ya ng'oma zothamanga, wina anakakonza kuti mbuyo ija izingogwedezeka osalekeza. Dzina linabwera lokha: Bambo Bakha. Achinyamata anayamba kubwera kuchokera kutali kudzajambulitsa nawo. Madalaivala amene kale ankawatukwana tsopano ankaima okha n'kutulutsa mitu pawindo: "Bakha, tipatseniko kamodzi!" Iwo n'kuwapatsa. Pakhonde panga pankadzaza anthu oti sanabwere ndi chosoketsa chilichonse, kungonditchingira kuwala.

Kunena zoona, alamu zinawakomera. Anagula mankhwala odetsa imvi. Jekete ija inayamba kuchapidwa pafupipafupi mpaka kunyezimira kwake kunayamba kuthawa. Achemwali nawo anasanduka Mayi Bakha, ndipo ankadandaula za dzinalo uku akumwetulira, chifukwa kugolosale ankawagulitsa asanaime pamzere. Ine ndekha ndi amene zinkandinyansa, ndipo sindinabise.

"Zaka zonse zija mwavina mpaka zidendene kung'aluka, palibe anakufunsani dzina. Lero mwangotulutsa mbuyo pamsewu, dziko lonse lakudziwani. Si chipongwe chimenecho?"

"Khomo ndi khomo, mlamu," anatero. "Ngakhale la kukhitchini, bola walowa m'nyumba."

Ndipo khomo linatsegukadi. Kunabwera mkulu wa pulogalamu ina ya pa wailesi ya kanema, bambo wolankhula mothamanga, mafoni awiri m'manja. Anati akufuna adzajambule pamizere pomwepo, m'mawa wa Lachisanu, anthu akuonera nthawi yomweyo, Bambo Bakha patsogolo, ana pambuyo. Alamu anamukokera kunyumba, anavula nsapato, n'kumuonetsa kuvina kwenikweni. Anayamba ndi mapewa okha, mapazi ali phee. Kenako chiuno chinayankha, kenako mapazi anayamba kulankhula ndi nthaka, mpaka munthu wa imvi uja ananyamuka, kuzungulira m'mwamba, n'kutera osamveka ndi phokoso lomwe. Mkulu uja anayamba akujambula uku akuyang'ana wotchi, koma anamaliza kukamwa kuli yasa.

"Madala, izi ndiye zina," anatero. "Tamvani. Mwezi wamawa tili ndi chionetsero chachikulu m'holo. Lachisanu likayenda bwino, anthu akakukondani, ndikupatsani nthawi yanuyanu pasiteji, muvine zimenezi. Koma anthu alowere pa bakha."

Tsiku limenelo alamu anawanyamula achemwali m'mwamba, mayi wathupi lake ndithu, za bondo n'kuiwala.

Loweruka ndinapita kumsika waukulu kukagula ulusi ndi mabatani, alamu n'kundiperekeza kuti akasankhe nsalu ya malaya a pasiteji. Tinatenganso mwana wanga wamng'ono, amene timamutcha Kaphokoso chifukwa pakamwa pake sipatsekeka ngakhale ali m'tulo. Msewu wa kumsikako si wofanana ndi wa pasukulu. Ndi wotakata, mizere yoyera kulibe, wowolotsa ana kulibe, ndipo maminibasi amathamanga ngati akuthawa moto.

Titangotuluka m'sitolo ya nsalu, tinamva kwaa, kwaa, kwaa.

Ana, gulu ndithu, ana oti alamu sanawaonepo chibadwire. Anali atandanda pakati pa msewu, mawondo opinda, manja akukupiza. Panalibe ndi mmodzi yemwe woyang'ana kumene kukuchokera magalimoto. Maso onse anali kwa mnzawo wamkulupo amene anaima tsidya linalo atakweza foni. Kumapeto kwa mzere kunali kamnyamata kovala malaya a mkulu wake, kakutsalira chifukwa timiyendo tinali tatifupi.

Minibasi inatulukira kuseri kwa lole. Mabuleki analira tswiii, fungo la matayala n'kudzaza msewu wonse. Kamnyamatako kanagwa chagada. Tayala linaima pafupi ndi kaphazi kake, moti patapata wake anatsalira pansi pa galimoto. Mayo ine! Mabatani anandipulumuka n'kumwazika pansi. Kondakitala anatsika akutukwana makolo a ana onse a padziko, anawo n'kubalalika akuseka.

Ndiye wa foni uja anationa. Nkhope yake inawala.

"Bambo Bakha! Anzanga, Bambo Bakha enieni!"

Onse anathamangira kwa ife, kamnyamata kaja kali patsogolo, phazi limodzi lopanda patapata, chigongono chikutuluka magazi, mano onse ali pamtunda.

"Mwationa? Takhoza eti? Takhoza ngati inuyo?"

Alamu anangoyang'ana chigongono chamagazicho, nsalu ili m'khwapa.

"Ifenso timapanga," anatero Kaphokoso monyadira, "mukatituma buledi."

Ndinamugwira khutu mpaka kokwerera basi.

Lolemba alamu anapempha ahedi kuti alankhule ndi ana onse asanalowe m'makalasi. Anawauza bwinobwino kuti msewu umapha, asadzayerekezenso. Ana anamvetsera mwaulemu, kenako wina kumbuyo anati kwaa, sukulu yonse n'kuphulika, mpaka aphunzitsi ena kubisa nkhope m'mabuku. Ana analowa m'makalasi akupendama. Pamsewu alamu anasiyiratu za bakha, ndipo mnyamata wina atawakakamiza anamukalipira kolimba. Madzulo ake nkhope yawo yokwiya inali pamafoni ataiika mlomo wa bakha, anthu akufa nako kuseka. Chilichonse chimene ankachita kunali kusonkhezera moto womwewo.

Lachitatu ataweruka tinakhala pabwalo atatu, ine, iwo ndi achemwali.

"Aimbireni a kanemawo, muwauze asabwere," ndinatero ine.

"Ayi," anatero achemwali. "Avine Lachisanu, pomaliza awauze ana kuti asamatengere. Bambo awa adikira moyo wawo wonse. Ana a eniake ali ndi makolo awo."

"Achemwali, Kaphokoso ndi mwana wa eniake?"

Anangokoka mpando wawo kutali ndi wanga.

"Nonse mukuphonya," anatero alamu. "Ndikawakaniza, mawa nkhani ikhala yakuti Bakha wakana kanema, dzina likula. Ndikavina n'kulangiza pomaliza, ana atola kuvinako, malangizo awasiya pansi. Munaona Lolemba. Ndikakalipa, likula. Ndikalira, ndiye likula kuposa pamenepo."

"Nanga mutani?" ndinafunsa.

"Ine ndaima kumbuyo kwa oimba ambiri, mlamu. Ukakhala kumbuyo umaziona bwino nkhope za anthu. Ndinaphunzira chimene chimatulutsa anthu m'holo. Si mkwiyo ayi, wokwiya amakhala kuti agende botolo. Anthu amatuluka akayamba kuyasamula. Ndipo amene wawayasamulitsa samukumbukanso, ngakhale kumunyoza amachita nako ulesi."

Achemwali anawatembenukira. "Nanga za kuholo zija, bambo?"

Alamu anangowerama n'kuyamba kumasula bandeji pabondo.

Mawa lake, ana atalowa m'makalasi, anabwera kudzakhala pabenchi langa. "Mlamu, ndibwereke makutu ako ndiyeserere." Inde, munthu uja ngakhale kutopetsa anakukonzekera monga mmene amakonzekerera gule. Anayamba ndi nkhani ya wenzulo wawo. Sanafike patali, ine ndinali nditagwira kale nthiti.

"Waseka," anatero mokhumudwa. "Imeneyi yakanika."

Anayesa ya mitambo, ndinasekanso, chifukwa nsidze zawo zinkakwera zokha. Anazigwira ndi chala n'kuyambiranso. Anayesa ina, kenako ina, akuchotsa kalikonse kokometsera, mpaka anapeza nkhani imene inandiwodzeretsa phazi lili pamakina. Nditadzidzimuka ndinawapeza akundiyang'ana, akumwetulira momvetsa chisoni.

"Imeneyi ndiye yake," anatero.

Lachisanu kunacha bwino. Anthu anadzaza mbali zonse za msewu, ena pamwamba pa mpanda wa sukulu, ena pakhonde panga mpaka kutsamira makina. Kunabwera galimoto ya kanema, zingwe, zokuzira mawu, ndi muulutsi wake, mtsikana wotchedwa Shuga. Shugayu mukafunsa chimene anachita kuti atchuke, yankho lake ndi lakuti amatsegula makatoni a nsapato pafoni n'kukuwa. Basi. Kaphokoso amakuwa mofanana naye ndendende, ndipo khutu lake lavutikapo kangapo chifukwa cha zimenezo. Ine ndinali nditakonza kale nkhope yomulandirira. Koma mwana wa eniake anafika woyamba, anandipatsa moni waulemu, n'kupempha kuti akhale pabenchi langa avule nsapato zoyendera, avale zazitali za pakanema.

Alamu anatulukira nthawi yawo ya masiku onse, atavala chipewa chakale cha ntchito. Nkhope inalibe kalikonse, osakwiya, osamwetulira, ngati munthu wodikira basi.

Kamera inayaka. Shuga anakuwa kukuwa kwake kuja, anthu n'kuyankha.

"Tili ndi Bambo Bakha enieni! Bambo, dziko lonse likufuna kudziwa, zinayamba bwanji?"

"Zikomo, mayi," anatero alamu, ndi mawu osakwera osatsika. "Kuti timvetsetsane tiyambe ndi utoto. Utoto wopaka mizere mukuionayi ulipo wa mitundu iwiri. Pali wa madzi, palinso wa mafuta. Tsono wa madziwo umauma msanga, koma suchedwa kufufutika. Pamene wa mafuta umachedwa kuuma, koma umachedwanso kufufutika. Tsono pamene ankapaka ulendo woyamba, sindikukumbuka bwino ngati unali wa madzi kapena wa mafuta. Dikirani ndiganize."

Ndipo anaganizadi, abale. Pakanema, dziko likuonera, munthu anaima n'kumaganiza za utoto.

Shuga anaseka, kuyesa kuti ndi nthabwala. "Koma bambo inu ndinu oseketsa! Tionetseniko kamodzi, kwaa kwaa!"

"Tifika kumeneko, mayi. Unali wa madzi. Ayi, pepani, wa mafuta. Tsono tibwere ku nkhani ya bulashi."

Ine ndimawadziwa alamu anga. Ndi munthu woti akamafotokoza mmene anagulira mchere, anthu amagubuduka pansi. Amadziwa poima, amadziwa pothamanga, amadziwa pokweza nsidze. Tsiku limenelo luso lonselo analitembenuza. Paliponse pamene nthabwala ikanabadwa, ankaipha isanatuluke. Akaona wina wayamba kumwetulira chifukwa cha kutopetsa komweko, ankafupikitsa n'kuyankha funso mwaulemu ndi mawu awiri, kuti pasapezeke ngakhale chowaseka. Sindinaonepo ntchito yowawa chotero ikugwiridwa mwaluso chotero.

Mkulu wa pulogalamu anakodola wa zokuzira mawu. Nyimbo ija inaphulika, ng'oma zothamanga zija, ana n'kuyamba: "Bakha! Bakha! Bakha!" Apa ndiye maso anga onse anali pa alamu. Munthu uja nyimbo ikalira, thupi lake silimufunsa. Amavinira ngakhale kulira kwa makina anga. Ndinaona phewa lakumanja likudumpha kamodzi kokha. Ndinaona zala zikufinya mtengo wa chikwangwani mpaka mitsempha kutuluka, thukuta likutsikira m'khosi. Koma mapazi anakhala pamene anali. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, anaimba wenzulo, anakweza chikwangwani, n'kuwolotsa ana ndi mayendedwe a munthu wopita kukataya zinyalala. Atabwerera anafunsa Shuga ngati angapitirize za bulashi.

Ndinamva kuyasamula koyamba kumbuyo kwanga. Mafoni anayamba kutsika n'kulowa m'matumba. Amene anali pampanda anatsika. Wina anati, "Aaa, kamdala kotopetsa aka, tangotaya nthawi." Wina anati mwina wa muvidiyo uja ndi munthu wina. Mawu amenewo anandilasa ine, kaya eniake anawalasa bwanji.

Itafika nthawi yoonetsa malonda, kamera itazima kaye, mkulu uja anathamangira kwa Shuga pafupi ndi khonde langa, maso ali psuu.

"Mdala uyu watiphera pulogalamu! Tikabwerera, iweyo utsogolere anawa pamsewu, upange za bakhazo wekha."

Shuga anapita kwa alamu n'kutsitsa mawu, koma makutu a telala amamva ngakhale singano ikagwa.

"Bambo, ine ndinaiona vidiyo imene abwana anakujambulani kunyumba kwanu. Munthu wovina chonchija sangatopetse anthu mwangozi. Mukuchitira dala."

"Ana akuchita zimenezi pamsewu wa kumsika, mwana wanga. Wina anatsala pang'ono kupondedwa ine ndikuona."

"Mukudziwa kuti za kuholo zathera pompano?"

"Ndikudziwa."

Mtsikanayo anayang'ana ana, anayang'ana msewu. Anabwerera kwa bwana wake n'kumuuza kuti nsapato zake n'zazitali, sangapinde nazo mawondo, ndipo zinazo sakudziwa kumene wazisiya. Zinazo zinali pansi pa benchi langa, ndipo phazi langa linazikankhira kuseri kwa dengu la zigamba. Kamera itayakanso, Shuga anafunsa alamu, nkhope ikuwala ngati ndi funso la chaka, kuti bulashi yabwino imakhala yotani. A kanema anawadula asanamalize kuyankha. Kuyambira tsiku limenelo, Kaphokoso akakuwa kukuwa kwa Shuga ndimangomuuza kuti achepetseko pang'ono.

A kuholo anati adzaimba foni. Mpaka lero akuimbabe. Kwa kanthawi achinyamata ankabwerabe mmodzimmodzi kudzawaputa, kuwalirira kwaa kumaso, foni ili m'mwamba. Aliyense ankalandira phunziro la utoto, kuyambira pa wa madzi, mpaka ankachoka yekha. Madalaivala anabwerera ku khalidwe lawo lotukwana. Kugolosale achemwali anayambiranso kuima pamzere, ndipo pakhonde panga panayambanso kulowa kuwala.

Kunyumba anali alamu omwe aja, otiseketsa mpaka kutsamwa chakudya. M'mawa ankavinabe pabwalo, koma kudumpha kunkachepa, kenako kutembenuka nako kunayamba kuvuta. Nyengo yozizira itafika bondo linatupa, adokotala n'kunena kuti basi, asankhe pakati pa kuvina ndi kuyenda. M'mawa wotsatira ndinatuluka ndi mswachi wanga n'kupeza pabwalo posesedwa bwinobwino, popanda munthu.

Ndinakwiya tsiku lonse, osadziwa woti ndimukwiyire, mpaka ndinasokerera thumba kumsana kwa malaya a mwana wa eniake. Anthu ofuna kudziwika ndi ambiri, ndipo ena amayeneradi. Koma munthu woti dzina lili m'manja, khomo limene walidikira moyo wonse lili lotsegula, iye n'kulitseka yekha chifukwa cha ana oti sadziwa ndi maina awo omwe, ine ndamuona mmodzi yekha. Ndimawanyadira alamu anga, ndipo ndimafuna Kaphokoso adzakule ndi mtima ngati umenewo. Kungoti sindingawauze pamaso, angatupe mutu.

Tsiku lina masana tikuchokera kumsika ine ndi Kaphokoso, tinaima m'mbali mwa msewu waukulu uja pamodzi ndi gulu la ana ochokera kumpira. Mnyamata wina anapinda mawondo n'kuyamba kukupiza manja. Koma ndisanatsegule pakamwa, anzake anamukuwiza.

"Iwe, zachikale zimenezo! Ukutichititsa manyazi!"

Mnyamatayo anawongoka msanga n'kunamizira kukanda bondo.

"Zimenezo ndiye chiyani?" kanafunsa kamwana kena kakang'ono.

"Za Bakha."

"Bakha ndani?"

"Aaa, kaya. Mdala wina wake."

Anadikira lole idutse, n'kuwoloka ngati anthu, akukangana za munthu wina watsopano amene akuti amaimika botolo pamphuno. Kaphokoso anandiyang'ana atadzaza kale mpweya woti awayankhe, ine n'kumufinya dzanja.

Alamu ndinawapeza pakhonde, mwendo uli pampando, akusenda lalanje.

"Alamu, ndabwera ndi uthenga. Akuiwalani."

Anasiya kusenda. "Ndani?"

"Ana a kumsika." Ndinawafotokozera zonse mmene zinayendera.

"Anati mdala wina wake?"

"Mdala wina wake."

"Nanga anawoloka bwanji?"

"Chowongoka. Maso ali kumagalimoto."

Anawomba m'manja kamodzi n'kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. "Mwamva, mayi?" anakuwira achemwali m'nyumba. "Zatheka! Andiiwala!" Kenako kusekako kunatha pang'onopang'ono. Anayang'ana bondo lawo, analisisita, n'kutembenuzira nkhope kumpanda.

Ndinali ndi nthabwala yokonzeka kale palilime, monga mwa nthawi zonse. Ndinaimeza. Ndinatenga lalanje lija m'manja mwawo, ndinakhala pansi pafupi ndi mpando, n'kuwamalizira kusenda.